Firiji ikuyaka nyali koma sikuzizira: yezani kaye musanagule pulaka ya kompuresa

Mvula ikangoyamba mu Novembala, funso limabwera limodzimodzi kuchokera ku Ulónguè, ku Moatize, ku Zóbuè mpaka ku Furancungo. Magetsi anathima usiku kuli mphezi, atabweranso nyali ya m'firiji ikuyaka, kafani kakumveka, koma nyama yasungunuka ndipo kumbuyo kuli zii. Wina wawauza kale kuti pulaka yapsa, tsono iwo akungofunsa koigula. Yankho langa silisintha: musagule kaye. Pulaka ndi yodula, ogulitsa ambiri sailandiranso ikangolumikizidwa, ndipo kompuresa yowonongeka imapha pulaka yatsopano musanamalize n'kuyimirira komwe. Pali miyeso itatu yoti ichitike ndalama zisanatuluke m'thumba. Kumasula pulaka yakale ndi kumanga yatsopano ndi ntchito ya mphindi 20 basi, nthawi yonse imathera pa kuyeza.

Tigwirizane mayina kaye. Firiji ndi yomwe kuno ku chigawo cha Tete timati jeleira. Kompuresa ndi chitsulo chakuda chobulungira chili kumbuyo pansi, chomwe ambiri amangoti mota. Pulaka ndi kabodi ka zamagetsi, ku Dedza ndi ku Lilongwe mukakanene kuti bodi. Mafiriji a inveta, aja kompuresa yake imasintha liwiro, ambiri amakhala ndi mapulaka awiri. Yaikulu, yomwe m'sitolo amati placa principal, imawerenga kuzizira, kuyendetsa mafani ndi kusungunula ayezi. Inayo, placa inverter, ntchito yake ndi imodzi: kulandira lamulo kuchokera ku yaikulu ndi kuzungulitsa kompuresa mothamanga kapena pang'onopang'ono. Iyi ndi yomwe tikukambirana. Pa mafiriji ena ziwirizi anaziphatikiza pa bodi imodzi.

1. Tsimikizani kuti firiji yanu ndi ya inveta

Yang'anani pa chitseko ndi pa pepala lomatidwa pa kompuresa. Mukaona mawu oti Inverter, Digital Inverter, BLDC, kapena kompuresa ya kampani ya Embraco yomwe nambala yake ikuyamba ndi zilembo monga VEM kapena VES, muli pamalo oyenera. Ngati m'mbali mwa kompuresa muli kachivindikiro kakang'ono ndipo m'kati mwake muli tinthu tiwiri takuda, rile (kodzutsira kompuresa) ndi chotetezera kutentha, firiji yanu ilibe pulaka ya kompuresa. Mafiriji ogona ambiri ogulitsira nsomba ndi zakumwa m'mabaraka ndi otere. Chizindikiro chake ndi kung'ung'uza masekondi ochepa kenako "tiki", n'kubwerezanso pakapita mphindi zingapo. Chotsani rileyo muigwedeze. Ikamalira ngati muli timiyala, yasweka m'kati, gulani ina ndipo nkhani yatha motchipa.

Kompuresa ya LG yolembedwa kuti Linear imayenda mwa njira ina. Muyeso wa pa sitepe 7 wa mapini atatu ofanana sugwira pa iyo.

2. Chotsani zinthu zina zomwe zimanamiziridwa pulaka

Gwirani kompuresa ndi dzanja firiji ili pa magetsi. Ya inveta simveka kwambiri, makamaka kukakhala wailesi kapena chigayo pafupi, choncho musadalire khutu. Ikamanjenjemera pang'ono ndipo ili yofunda, ikuyenda, ndipo pulaka ndi yamoyo. Ngati ikuyenda koma kapaipi kotuluka kupita ku zitsulo zakumbuyo kali kozizira patatha mphindi 15, gasi wathawa kapena kompuresa yasiya kupopa. Ngati kumalo koumitsa kukuzizira koma kwa ndiwo ndi masamba kukutentha, fani yaima kapena ayezi watseka njira ya mphepo. Zonsezi pulaka yatsopano sizithetsa.

Dikiraninso theka la ola. Firiji yosungunula ayezi yokha imaimitsa kompuresa dala pa nthawi yomwe ikusungunula ayeziyo. Ndipo ngati ndi Samsung ndipo pa chitseko pakulembedwa OF OF, mwana anadina mabatani n'kuiika pa njira yoonetsera m'sitolo, pomwe nyali zimayaka koma kompuresa siyenda. Buku la firijiyo limanena mabatani oichotsera pamenepo.

3. Zida, ndi zinthu ziwiri zomwe zingakupheni

Mufunika multimita yoyeza AC (magetsi a pakhoma), DC (magetsi onga a batire) ndi ma ohm (kukanika kwa magetsi kudutsa pa waya), ndipo ikakhala yoyezanso Hz (magetsi akuthima ndi kuyaka kangati pa sekondi) ndi bwino koposa. Mufunikanso sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yaphwatalala, pulayasi yosongoka, tochi, burashi youma, ndi foni yojambulira. Valani nsapato za mphira, pansi pakhale pouma. Firiji yomwe yangosungunuka imakhala itataya madzi pasimenti, kolopani kaye.

Choyamba choopsa ndi kapasita, kamgolo kakakulu kali pa pulaka. Pulaka imasandutsa 220V ya pakhoma kukhala DC ya pafupifupi 310V, ndipo kapasitayo amasunga mphamvuyi ngakhale mwazula pulagi. Dikirani mphindi 10, ikani multimita pa DC yokwera kwambiri, muyeze pa miyendo yake iwiri. Musakhudze bodi mpaka iwerenge pansi pa 20V. Ikamachedwa kutsika, gunditsani mawaya a babu lakale la ulusi pa miyendoyo, liyaka kamodzi n'kuzima. Osagunditsa ndi sikuludiraiva, mumaphulitsa njira za pa bodi.

Chachiwiri ndi gasi. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R600a, gasi woyaka moto. Kandulo, ndudu kapena mbaula zisayandikire, ndipo musapinde kapena kuboola paipi iliyonse. Pa ntchito iyi gasi sitimukhudza ayi.

4. Werengani kanyali ka pa pulaka

Zulani pulagi, tsegulani chivindikiro cha kumbuyo, jambulani mawaya onse momwe alowera musanakoke ngakhale limodzi. Jambulani kawiri, pafupi ndi patali. Kenako bwezerani pulagi muone ngati pa pulaka pali kanyali kophethira, muwerenge kuti kakuphethira kangati kasanapume. Pa mapulaka a Embraco okhala ndi kanyali, kamodzi pa masekondi 15 ndiye kuti zili bwino, kawiri ndiye kuti lamulo silikufika, katatu ndi pulaka yeniyeniyo, kanayi ndi kompuresa. Pa ma Samsung ambiri kasanu kamasonyeza magetsi otsika, kasanu ndi kamodzi magetsi okwera. Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, musatenge ka Embraco kukawerengera Hisense. Ndipo kanyali kamangokulozerani koyambira, sikalowa m'malo mwa multimita.

Zulani pulagi, dikirani kapasita atsike, muyang'ane bodi ndi tochi mbali zonse. Fufuzani malo akuda opserera, kapasita wotupa pamwamba, fyuzi yoduka, ndi kachimbale ka buluu kapena kachikasu kosweka pafupi ndi polowera magetsi, komwe ntchito yake ndi kumeza mphamvu ya mphezi. Nunkhizaninso. Ngati chapsa ndi fyuzi ndi kachimbaleko basi, wokonza ma TV wodziwa ntchito angathe kuitsitsimutsa. Koma kumanga kawaya m'malo mwa fyuzi, monga ena amachitira, ndi kuitana moto m'nyumba.

5. Muyeso woyamba: kodi magetsi akufika pa pulaka?

Yezani kaye pa soketi. Iwerenge pafupi ndi 220V. Ikakhala kutali, monga 180 kapena 260, pulaka ikhoza kukhala yamoyo ndipo ikungokana kudzutsa kompuresa podziteteza. Yezaninso madzulo anthu akuphika, makamaka ngati nyumba yanu ili kumapeto kwa layini kapena firiji ili pa ekisitenshoni yaitali yopyapyala.

Kenako pezani mawaya awiri aakulu olowa mu pulaka ya inveta, nthawi zambiri abulauni ndi abuluu. Ikani nsonga za multimita pulagi ili yozula, bwezerani pulagi, werengani, dzanja lina lili m'thumba. Pakakhala palibe 220V, vuto lili kumbuyo: waya wodyedwa ndi khoswe, polumikizira pomasuka, kapena pulaka yaikulu.

6. Muyeso wachiwiri: kodi lamulo likufika?

Apa ndi pomwe ambiri amadumpha, n'chifukwa chake timapeza anthu ali ndi mapulaka awiri abwinobwino ndi firiji yotentha. Pulaka ya inveta sidzutsa kompuresa yokha, imadikira kuuzidwa. Lamulo limabwera pa timawaya tiwiri topyapyala tochokera ku pulaka yaikulu, ndipo ndi kamphamvu kochepa kothima ndi kuyaka mofulumira. Pa Embraco yambiri liwiro la kompuresa ndi Hz kuchulukitsa ka 30, ndiye 100Hz ndi kuzungulira ka 3,000 pa mphindi, ndipo 150Hz ndi ka 4,500.

Yatsani firiji, dikirani mphindi 5 mpaka 10 chifukwa pulaka yaikulu imachedwetsa dala, kenako yezani pa timawayato. Multimita ya Hz ikuonetsani nambala ya pakati pa 50 ndi 150. Yopanda Hz ikuonetsani mavolti ochepa, awiri, atatu kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi mtundu wa firiji. Chofunika n'choti pasakhale ziro. Pakakhala ziro firiji ili yotentha m'kati, pulaka ya inveta mwina ilibe mlandu. Yang'anani timawayato kuyambira uku mpaka uko, kenako sensa ya kuzizira, kenako pulaka yaikulu. Sensa yonama ikauza pulaka yaikulu kuti m'kati mwazizira kale, lamulo silituluka mpaka kalekale.

Mafiriji ena ali ndi pulaka ya inveta koma amalamulidwa ndi temositati wamba wopotokola. Pamenepo waya wa lamulo umanyamula 220V, choncho yambani ndi multimita ili pa AC yokwera, muzitsitsa pambuyo.

7. Muyeso wachitatu: kodi kompuresa ndi yamoyo?

Uwu ndiye muyeso wopulumutsa ndalama, ndipo ndi wosavuta kuulakwitsa. Zulani pulagi, tsitsani kapasita, chotsani kolumikizira ka mawaya atatu kolowa pa kompuresa. Kokani molunjika, osapotokola, chifukwa mapini atatu aja amadutsa m'galasi lotsekera gasi. Ngati kompuresa ili yotentha, isiyeni ola limodzi izizire.

Ikani multimita pa ma ohm otsika kwambiri, pa 200. Gunditsani nsonga zake ziwiri kaye muone zomwe ikuwerenga yokha. Multimita zotchipa za pamsika zimawerenga 0.5 kapena 1 zisanakhudze kanthu, ndipo batire ikafooka zimanama kwambiri. Nambala imeneyo muzichotsa pa muyeso uliwonse. Palani dzimbiri pa mapini, kenako yezani awiriawiri: loyamba ndi lachiwiri, lachiwiri ndi lachitatu, loyamba ndi lachitatu. Lembani papepala, musadalire mutu.

Pa kompuresa ya inveta manambala atatuwa ayenera kufanana. Kaya ndi 8, 8, 8 kapena 15, 15, 15, kukula kwake kumatengera mtundu, koma kufanana ndiko tikufuna. Mukapeza 12, 12 ndi 7, mawaya a m'kati agundana ndipo kompuresa yatha. Mukapeza OL (chizindikiro choti magetsi sakudutsa) pa awiri ena, waya waduka m'kati. Mukapeza manambala osiyana pomwe awiri aang'ono kuwaphatikiza akupereka lalikulu, monga 10, 16 ndi 26, imeneyo ndi kompuresa wamba, bwererani ku sitepe 1.

Tsopano gawo lachiwiri, lomwe limaiwalika kwambiri. Kwezani multimita pa ma ohm okwera kwambiri, pa 20M. Nsonga imodzi ikhale pa paipi ya kopa yomwe mwaipala mpaka kuwala, osati pa penti yakuda ya kompuresa, chifukwa penti sidutsa magetsi ndipo ikuuzani kuti zonse zili bwino pomwe sizili bwino. Nsonga inayo gunditsani pini lililonse. Zala zanu zisakhudze zitsulo za nsongazo, apo ayi mukuyeza thupi lanu. Onse atatu awerenge OL. Nambala iliyonse ikaoneka, magetsi akudontha kupita ku chitsulo, ndipo kompuresa imeneyo ndi yomwe inapha pulaka yakale. Mukaika yatsopano ifa imfa yomweyo. Mmisiri wokhala ndi mega, chida choyeza kudontha ndi 500V, amagwira kudontha komwe multimita siiona, ndipo ngati firiji inkagwira anthu ikakhudzidwa, mufuneni ameneyo. Mega igwiritsidwe ntchito pulaka itachotsedwa pa kompuresa.

Pali vuto limodzi lomwe multimita singalione: kompuresa yomangika. Mawaya ake ali bwino, koma pisitoni yagwira. Muizindikira poika dzanja pa kompuresa wina akubwezera pulagi. Imagwedezeka kamodzi kapena kawiri, kuima, kudikira, n'kuyesanso. Pulaka yofooka imachitanso chimodzimodzi, ndiye apa njira yabwino ndi kubwereka. Amisiri ena ali ndi pulaka yoyesera kapena kachida kodzutsira kompuresa ya inveta. Kulipira mmisiri kuti abwere nako ndi kotchipa kusiyana ndi kugula pulaka mwa mwayi. Ndipo wina akakuuzani kuti tiiyese molunjika pa magetsi a pakhoma, mukaneni. Kompuresa wamba imayesedwa choncho, ya inveta imapsa nthawi yomweyo.

Magetsi akufika, lamulo likufika, mapini atatu akufanana, palibe kudontha, koma kompuresa siikugwedezeka n'komwe: tsopano mwaipeza pulaka yolakwa. Ngati kompuresa ndiyo yatha, khalani pansi muwerengere. Kompuresa, pulaka, gasi ndi mmisiri pamodzi nthawi zina zimayandikira mtengo wa firiji ina.

8. Kugula

Musagule ndi maso. Mapulaka awiri akhoza kufanana bokosi, mawaya ndi mabowo a sikuluu, koma m'kati muli pulogalamu ya kompuresa ina. Jambulani mapepala atatu: la pa pulaka, la pa kompuresa, ndi la firiji lomwe limakhala m'kati pakhoma kapena kumbuyo. Nambala yonse ifanane, mpaka zilembo zakumapeto. Pa Samsung nambala ya pulaka nthawi zambiri imayamba ndi DA92 kapena DA41, pa LG imayamba ndi EBR.

Samalani ndi mavolti. Zambiri zogulitsidwa pa intaneti ndi za ku America kapena mbali zina za Brazil komwe magetsi ndi 115V kapena 127V. Pa Embraco, VCC3 1156 ndi ya magetsi otsikawo, VCC3 2456 ndiyo ya 220V mpaka 240V. Kusiyana kwake ndi manambala awiri okha, koma yolakwikayo imaphulika ikangolawa magetsi athu. Ya ku Malawi, ku Zambia kapena ku Johannesburg ilibe vuto limenelo.

Ngati mu mzinda wa Tete mulibe, zimachokera ku Beira, ku Maputo, kapena kwa a ku Angónia nthawi zina Lilongwe imayandikira podzera pa Calómuè. Musatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola wogulitsa asanakutumizireni chithunzi cha pepala la pa pulaka yomwe ili m'manja mwake, osati chithunzi chotsitsa pa intaneti. Pulaka yochotsedwa pa firiji ina ilibe vuto ngati firijiyo inafa ndi gasi, koma muione ikudzutsa kompuresa musanalipire. Zija amati universal, zoti zimagwira pa firiji iliyonse, ine sindizikhulupirira pokhapokha pepala lake litatchula kompuresa yanu ndi dzina.

9. Kumanga

Pulagi yozula, kapasita wotsika. Gwirani paipi ya kopa kaye kuti muchotse magetsi a m'thupi, ndipo bodi muziigwira m'mphepete. Pa mafiriji ena bokosi la pulaka limakolekedwa pa kompuresa penipenipo ndi sikuluu imodzi: masulani, kwezani bokosi pang'ono, likokeni. Pa ena ili m'bokosi kumbuyo pamwamba. Zolumikizira zili ndi kadzino kotsekera, kadineni musanakoke, ndipo kokani pulasitiki osati waya.

Ikani yakale ndi yatsopano pambalipambali, muyerekeze. Sesani fumbi, mazira a mphemvu ndi manyi a makoswe m'bokosi. Lumikizani mawaya atatu a kompuresa monga pa chithunzi chanu, osasinthanitsa, chifukwa dongosolo lake ndi lomwe limanena mbali yozungulirako. Kankhani mpaka alowe onse. Polumikizira pogwedera pamatentha ndipo pamapha pulaka pakapita milungu. Bwezerani timawaya ta lamulo mosatembenuza, kenako mawaya a 220V, kenako waya wobiriwira ndi wachikasu wa terra, wotayira pansi magetsi odontha, pa sikuluu yake. Waya usagone pa paipi yotentha kapena pafupi ndi mapiko a fani. Tsekani bokosi musanayatse.

10. Kuyatsa

Ngati firiji munaigoneka kapena kuipendeketsa kwambiri, iimirire maola angapo kuti mafuta abwerere m'kompuresa. Yatsani, ikani dzanja pa kompuresa, mudikire. Mphindi 5 mpaka 10 zikhoza kutha isanayambe, musazule ndi kubwezera pulagi mwa mantha. Imayamba mofatsa n'kumakwera pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 15 paipi yotuluka ikhale yotentha, ndipo m'mbali mwa firiji kapena zitsulo zakumbuyo zifunde. Ikagwedezeka n'kuima katatu, zulani, mubwerere ku sitepe 7.

Isiyeni yopanda kanthu maola angapo, musadzazemo mabotolo ofunda tsiku lomwelo. Pakatha maola 24 koumitsa kufike pa -18°C, kwa ndiwo pa 3°C mpaka 5°C. Nyama ndi nsomba zomwe zinasungunuka n'kufunda musaziumitsenso.

11. Chomwe chinapha yakale chidakalipo

Gulani chotetezera firiji cholowa pa soketi, chija chimadula magetsi akakwera kapena akatsika ndipo chimadikira mphindi 3 mpaka 5 chisanawabwezere. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi pulaka. Sichingaletse mphezi yogwa pafupi, ndiye kukayamba kugunda, zulani pulagi. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola angapo. Pa jenereta, dzutsani jenereta kaye, ikhazikike, kenako lumikizani firiji, ndipo muichotse mafuta asanathe chifukwa jenereta ikamatsamwa magetsi amavina. Ngati firiji inachokera ku Malawi ndi pulagi ya mapini atatu a makona, musathyole pini la terra kuti ilowe m'soketi yobulungira. Sinthani soketi kapena pulagi yonse, terra ilumikizidwe ndithu.

Kutentha nakonso kumadya pulaka. Pa pepala la firiji pali chilembo cha nyengo: N imapirira mpaka 32°C, ST mpaka 38°C, T mpaka 43°C. Ku Angónia ndi ku Tsangano izi sizivuta, koma ku Tete ndi ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40°C, ndipo m'khitchini ya malata opanda siling'i kumaposa apo. Firiji ya N pamalo otere imathamanga osapuma. Isiyireni masentimita 10 kumbuyo ndi m'mbali, ichoke padzuwa ndi pafupi ndi mbaula, ndipo nsalu yokongoletsa ija isaphimbe m'mbali momwe imatulutsira kutentha. Miyezi itatu iliyonse zulani pulagi, tsegulani kumbuyo, musese ndi burashi youma. Ku Moatize, komwe fumbi limasakanizana ndi la malasha, chitani mwezi uliwonse, chifukwa fumbi limeneli likanyowa ndi chinyezi cha dzinja limadutsitsa magetsi pakati pa njira za pa bodi.